Mitundu Itatu pa Mzere Umodzi

Maruapula, Gaborone
6 Julayi 2008

Okondedwa amake Mwai,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Mwaiwathu, ndiponso kuti chifuwa chija chinamusiya. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira. Kuzizira kwa kuno si kwa ku Chilomoni ayi. M'mawa madzi a pampopi amaluma zala, ndipo juzi munandilukira ija ndiyo ikundisunga.

Pa foni paja sindinafotokoze bwino chifukwa mayunitsi amathamanga kuposa pakamwa panga. Nkhani ndi iyi. Chilolezo changa chogwirira ntchito chikutha pa 30 Novembala. Abwana athu, a Cheryl, anena mosabisa kuti adzasaina mapepala ochiwonjezera pokhapokha eni ntchito imene andipatsayi akailandira. Akasaina, inu ndi Mwai mubwera kudzakhala kuno monga tinapanganira. Akapanda kusaina, mudzandiona ndikutsika basi pa Wenela ndi sutikesi yomwe ija.

Ntchito yake ndi yotere. Kuli kagulu ka amuna amene amakonza mapampu a zitsime za ng'ombe kutchire, kupitirira mudzi wa Kumakwane. Kapitawo wawo ndi a Hector, munthu wamtali, wolankhula mosathamanga. Zitsime zawo ndi zinayi: Tholo, Phala, Kgori ndi Mosu. Mlonda wa pa chitsime chilichonse azitumiza uthenga m'mawa, ndipo a Hector akatsegula foni aziona maina anayiwo pa mzere umodzi, dzina lililonse ndi mtundu wake. Lobiriwira ngati pampu ili bwino, la olenji ngati madzi akuchepa, lofiira ngati pampu yafa. Mawu ena sakuwafuna. Akuti sikirini ya foni ndi yaing'ono, ndipo iwo amawerenga galimoto ikudumpha mumchenga.

Mwawerenga bwino, Perpetua. Kubiriwira, olenji, kufiira. Pa mitundu yonse imene Mulungu analenga, asankha itatu imene maso angawa amaiona ngati ana a mimba imodzi. Ndinangoti chabwino, n'kulemba m'buku langa. Kuno palibe akudziwa, ndipo inunso musauze munthu, ngakhale achimwene anu.

Zovala ndikuvalabe motsatira mfundo zimene munandisokera m'makolala ndi m'malamba a mabuluku, imodzi ndi imodzi, ziwiri ndi ziwiri. Chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri tsopano, palibe wandiseka.

Lata la pakhonde lija likhomedwe mvula isanayandikire, ndipo muonetsetse kuti misomali yake ndi ya zisoti. Mwai asamatuluke m'mawa opanda sokosi.

Ine wanu,
Frackson

Maruapula
3 Ogasiti 2008

Okondedwa amake Mwai,

Moni wa Lamulungu. Kalata yanu yandipeza Lachinayi ndili bwino, ndipo ndaiwerenga kanayi. Ndasangalala kuti mwapeza oda ya mayunifolomu a kwaya. Musamasoke mpaka msana kuwawa.

Mwafunsa kuti chovuta n'chiyani, popeza pa TV zilembo zimakhala zamitundumitundu. Ndikufotokozereni monga mwa ntchito yanu. Foni ili ndi kamalo kake kolembapo mawu, koma kamaloko kali ngati makina anu osokera: ulusi umene mwaika ndi womwewo mpaka msoko utathe. Mukati kufiira, mzere wonse ufiira. Choncho kamaloko ndakasiya. Ndatenga sikirini yonse yopanda kanthu, ngati nsalu yoyala patebulo, ndipo ndikujambulapo ndekha. Ndimalemba Tholo, n'kuyeza kuti watenga timadontho tingati m'lifupi, n'kusiya kampata, n'kusintha ulusi, kenako Phala ayambire pomwepo.

Chinandisowetsa mtendere n'chakuti foni iliyonse ili ndi zilembo zake, zina zonenepa, zina zowonda. Pa foni ina Kgori anakwera pamsana pa Phala. Pa ina Mosu anagwera kunja, kunangotsala Mo. Tsopano pulogalamuyo ndaiphunzitsa kuyeza yokha isanalembe, ndipo dzina likapanda kukwana limatsika lonse pa mzere wapansi, mtundu wake uli womwewo. Ndayesa maulendo makumi asanu ndi limodzi, ndipo ulendo uliwonse ndaulemba.

Za mitundu musadandaule kwambiri. Kwa makina, mtundu ndi manambala atatu basi. Kufiira ndi 255, 0, 0. Ndinawaloweza ku koleji ngati mavesi a Sande sukulu, ndipo nambala sinama.

Masana anzanga akapita kokagula chakudya, ine ndimatsala pazenera la ofesi kuyang'ana phiri la Kgale. Liri pafupi kwambiri, louma, la miyala yokhayokha, anyani akuyendayenda m'munsi mwake. Ndikaliyang'ana nthawi yaitali ndimapezeka ndili m'sitolo ya nsalu ija ku Limbe, tisanakwatirane, tsiku limene ndinayamikira chitenje chobiriwira chomwe chinali chofiira. Simunaseke. Tili m'minibasi munandinong'oneza kuti kufiira ndi kutentha kwa simbi ikayandikira tsaya, kubiriwira ndi fungo la masamba a tomato ukawatikita m'manja, ndipo olenji ndi khoma la njerwa dzuwa likapendeka. Mpaka lero ndimaidziwa choncho. Ndiye ndikamalemba maina a zitsimezi, zimene sindinazionepo, ndimamva Tholo akununkhira tomato pakati pa mchenga, ng'ombe zikutsika kudzamwa, inu mutakhala pamthunzi wa thanki mukusoka. Ndimadzidzimuka anzanga akubwera ndi mapepala a tchipisi.

Kombi, minibasi za kuno, akweza mtengo, tsopano ndi mapula atatu. Masiku ena ndimayenda pansi theka la njira, n'kwabwinonso ku thupi.

Wanu nthawi zonse,
Frackson

Maruapula
31 Ogasiti 2008

Amake Mwai okondedwa,

Ndili moyo, kaya inu ndi mwanayo. Mphepo ya fumbi yayamba, ndipo mlomo wanga wang'ambika pang'ono, koma si nkhani.

Ndinakuuzani kuti nambala sinama. Ndinafulumira. Nambala imodzimodziyo foni iliyonse imaionetsa mwa njira yake. Lolemba a Cheryl anandandalika mafoni atatu patebulo panga, n'kunena m'Chingerezi chawo chachangu chija kuti, "Frackson, pa iyi kufiira kwako kukuoneka ngati olenji, pa iyo kubiriwira kukuoneka ngati kwadwala. Konza, ndi ntchito ya mphindi khumi." Ine ndinayang'ana mafoniwo n'kugwedeza mutu ngati ndikuona zomwe akunena. Mphindi khumizo zinakhala masiku asanu. Ndinkasintha nambala, n'kuibwezera, osadziwa ngati ndikuyandikira kapena ndikutalikira.

Dzulo ndinapita ndi malaya aja a mizeremizere kwa telala wa pa mashopu apa, chigongono chinabooka. Dzina lake ndi Issa, wa ku Machinga, ali kuno zaka khumi ndi ziwiri ndipo pakamwa pake sipapuma. Atatembenuza kolala anaima.

"Achimwene, wasoka apa ndi munthu wodziwa ntchito. Koma mfundo ziwirizi n'za chiyani? Alamu anakumangani kuti Atswana asakubeni?"

Ndinati n'zokongoletsa chabe. Anandiyang'ana, n'kutenga mipukutu iwiri ya ulusi.

"Chabwino bwana wa makompyuta, ndisokere uti?"

Ndinaloza umodzi. Anaseka mpaka kugwira makina.

"Malaya ofiira, ulusi wobiriwira! Mukufuna muziyenda mu Gaborone muno ngati chivwende chong'alula?"

Kenako anasiya kuseka. Anati amalume ake anali chimodzimodzi, ankathyola tomato wosapsa n'kumakangana ndi msika wonse. Ndinapezeka ndamuuza zonse, Perpetua, zimene sindinauzepo mwamuna mnzanga chibadwire. Iye anangoti, "Ndiye mwakhala mukufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi? Bweretsani mafoniwo. Ine maso ndili nawo, nzeru za manambala ndilibe. Tiphatikiza."

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Munthu wolankhula chotere angasunge chinsinsi? Mundiuze maganizo anu.

Ndatumiza kaphukusi pa basi ya Lachisanu: nsapato za Mwai, sayizi 12, ndi singano za makina mapaketi awiri. Nsapatozo zikakhala zazikulu muike thonje kutsogolo, musazisinthanitse.

Ine,
Frackson

Maruapula
28 Sepitembala 2008

Okondedwa Perpetua,

Ndikuyembekeza kuti nonse mwadzuka bwino. Ine ndili bwino koposa mwezi watha. Mwanena zoona kuti telala amasunga miyeso ya anthu ambiri osaiulula. Issa sanauze munthu.

Loweruka lililonse masana ndimakhala pa benchi ya m'shopu mwake, kompyuta pamiyendo. Iye amaika kansalu kofiira pambali pa foni n'kumalamula uku akupalasa makina. "Onjezani moto pang'ono. Ayi, mwapsereza! Bwezani. Apo, apo, musakhudzenso!" Ine ndimalemba nambala. Mafoni asanu ndi awiri tawamaliza, iliyonse ndi manambala ake. A Cheryl anayang'ana n'kunena kuti tsopano zaoneka, ndipo anandifunsa kuti chinanditengera nthawi n'chiyani. Ndinati kusamala.

Pali kanthu kena kamene sindinakuuzeni. Kuti ndizitha kudziyesa ndekha, ndinaika timadontho pansi pa dzina lililonse: kamodzi ngati ndi lobiriwira, tiwiri ngati ndi la olenji, titatu ngati ndi lofiira. Ndi mfundo zanu zomwe zija, ndangozisamutsira pa foni. Pulogalamu yoyeserera imene a Hector ndi anyamata awo akhala nayo masabata awiri inapita ndi timadonthoto. Lachitatu a Cheryl anaona timadonthoto. "Izi ndi zitosi za ntchentche? Chotsa, zikuoneka ngati ntchito yosamaliza." Ndinafuna kuyankha, koma kuyankha kukanafuna kuti ndinene chifukwa chake. Ndachotsa. Mzere tsopano ndi woyera bwino, ndipo ine ndikauyang'ana ndimangoona maina anayi.

Tsiku loonetsa ntchito ndi Lachiwiri pa 14 Okutobala, kutchire komweko. Ndayesa zonse kawirikawiri. Sindikuona chimene chingalakwike, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa.

Lero nditachoka ku tchalitchi ndinakwera kombi mpaka ku Kumakwane, kungofuna kuona njira. Akugawa mapuloti ambiri kumeneko, ena angozika zikhomo, ena amanga kachipinda kamodzi. Ndinaima pa puloti ina yopanda mwini wooneka, pali mtengo umodzi waminga, ndipo ndinayamba kuyeza ndi mapazi. Apa chipinda chosokera, zenera kuyang'ana kum'mawa kuti muziona ulusi bwino. Apa Mwai. Apa thanki ya madzi. Ndinafika mpaka pomva makina anu akulira m'nyumba yomwe kulibe. Mayi wina wodutsa anati, "Dumela, rra," ndiye kuti moni bambo, n'kundifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ayi, ndikungoyeza.

Anthu akukonzekera chikondwerero cha ufulu wawo mkuja, mbendera paliponse. Yawo ndimaikonda: yabuluu, yoyera ndi yakuda. Ndi mbendera imene ndimaiona yonse.

Mundipempherere pa 14.

Wanu,
Frackson

Maruapula
19 Okutobala 2008

Amake Mwai,

Ndili bwino m'thupi. Pepani kuti foni yanu ya Lachitatu sindinayankhe, ndi ya Lachisanu yomwe.

Tinapita kutchire kuja. Pulogalamu inagwira ntchito bwino lomwe.

Nsalu za makatani zimene munati muyambe kudula za nyumba ya kuno, badikirani. Mwai musamuuze kanthu za ulendo, ndipo ngati munamuuza kale, musabwerezenso. Kusukulu kwake muwauze kuti malo ake a chaka chamawa asawapereke kwa wina.

Kukutentha kwambiri. Mitambo imabwera masana n'kubwerera.

Ndidzalemba bwino.

Frackson

Maruapula
2 Novembala 2008

Okondedwa Perpetua,

Kalata yanu yaukali ija yafika, ndipo ndaiyenera. Mwati munakwatiwa ndi munthu, osati ndi chilolezo. Ndamva. Ndili bwino, ndikudya, ndipo nazi zonse monga zinachitikira.

Tinanyamuka m'mawa magalimoto awiri. Ine ndinali kutsogolo ndi a Hector, awiriwiri, a Cheryl ndi amakaniko akutsatira pambuyo. Titapitirira Kumakwane, pamene njira zamchenga zimagawikana, mauthenga a alonda anali atalowa. A Hector manja onse anali pa chiwongolero. Anandiponyera foni pamiyendo.

"Rra, mwini ntchito ndinu. Tiuzeni, lofiira ndi liti? Tilowere kuti?"

Ndinayang'ana. Mzere unali wowongoka, mipata yake yofanana, palibe dzina lokwera pa linzake. Kgori ndi Mosu ankaoneka owala pang'ono, ndiye kuti a olenji. Tholo ndi Phala anali ofanana ngati mapasa. Ndinadziwa kuti limodzi ndi lofiira, lina lobiriwira. Ndikanangonena mawu ochepa, Perpetua: imani muone nokha. Mphambano inali ikuyandikira, iwo akudikira. Ndinayesa kumva kutentha kwa simbi, ndinayesa fungo la tomato. Panalibe. Ndinati Phala.

Tinayenda ola ndi theka mumchenga. Tisanafike n'komwe ndinamva pampu ya Phala ikugunda bwinobwino, ndipo titafika tinapeza mwomwera ng'ombe muli madzi osefukira. A Hector anatenga foni, n'kuiphimba ndi chipewa, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Phala ndi wobiriwira ngati msipu, rra. Lofiira ndi Tholo."

A Cheryl anatsika akufunsa ngati pulogalamu yasokoneza. Ndikanatha kunamizira foni, kapena mlonda wotumiza uthenga. Ndinayang'ana mlondayo, bambo wachikulire ataima apo ndi chipewa m'manja, ndipo ndinati pulogalamu ili bwino, cholakwika ndine, kufiira ndi kubiriwira sindikusiyanitsa chibadwire.

Ku Tholo tinafika dzuwa litapendeka. Pampu inali itafa kuyambira dzulo lake masana. Ng'ombe zinali zitaunjikana pa chomwera chouma, zikulira ndi mawu osasa amene sindidzawaiwala. Amakaniko anakonza msanga, madzi anabwera, koma ng'ombe imodzi yokalamba inali itagona kale pansi ndipo sinadzukenso. A Hector akuti mwina ikanafabe. Ine ndawerengera maola amene tinataya, ndi anayi.

Kuyambira tsikulo a Cheryl amandipatsa moni basi. Mapepala a chilolezo ali m'kabati mwawo, ndimawaona akatsegula. Kwatsala masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Issa akuti ndikabwerera kumudzi adzandipatsa kalata yoti ndine katswiri wosankha ulusi. Amafuna ndiseke, ndipo ndinasekadi pang'ono.

Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa kabati kuti ndione ngati zipi yake ikugwira. Ikugwira.

Wanu,
Frackson

Maruapula
23 Novembala 2008

Perpetua wanga, amake Mwai,

Moni, moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mukhale pansi musanapitirize.

Lachinayi a Hector anabwera ku ofesi ndi fumbi lawo lonse, osagogoda. Anaika foni patebulo la a Cheryl n'kufunsa kuti timadontho tija tinapita kuti. Akuti masabata oyeserera aja anyamata awo anazindikira okha tanthauzo lake, popanda wowauza. Dzuwa la masana likawomba pa sikirini yafumbi, mitundu yonse imafuwa, munthu wa maso abwino yemwe saona kanthu, koma timadontho timawerengeka. Chichotsereni akhala akuimitsa galimoto pansi pa mtengo n'kumaphimba foni ndi chipewa ngati akubisa fodya.

"Anachotsa ndani?" anafunsa.

A Cheryl anati, "Ndine."

"Bwezeretsani. Mitundu ikhale, timadontho tikhale. Tikatero talandira." Potuluka anandimenya paphewa. "Rra Phala, Loweruka mukwere nafe, mukapepese kwa mwini ng'ombe ija. Koma njira ndisankha ndine."

Dzina limenelo landikakamira, ngakhale amakaniko akundiitana choncho. Dzulo ndinapitadi. Mwini ng'ombeyo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundipatsa madzi akumwa a pa Tholo pomwepo. Ndi amchere pang'ono.

A Cheryl asaina Lachisanu. Chaka chimodzi, osati ziwiri monga ndinkayembekezera. Anati maso anga alibe nawo mlandu, chimene chinawapweteka ndi miyezi inayi ya chabwino, chabwino. Sindinatsutse. Anatinso kuyambira tsopano ntchito iliyonse ya mitundu izionedwa ndi munthu wachiwiri, ndipo ndizichita kupempha poyera, pamaso pa onse. Ndinati ke a leboga, ndiyo zikomo ya kuno.

Tsono mverani. Mapasipoti anu awiri muwaike m'pulasitiki. Mutenge kalata ya ukwati yeniyeni, osati fotokope, ndi kalata ya kubadwa ya Mwai, ndi makhadi ake a sikelo. Mutu wa makina osokera muumasule, muukulunge m'bulangete, miyendo yake tidzapeza kuno, Issa akudziwa kumene ili. Iye akuti akufuna aone ndi maso ake munthu amene anasoka mfundo zija. Makatani aja dulani.

Lachisanu lomwelo, cha m'ma fili koloko, mvula inagwa. Anthu anatuluka m'maofesi n'kuima pabwalo akufuula kuti pula, pula, ndiye kuti mvula, azimayi a nsapato za zidendene zazitali akuvina m'matope. Ine ndinaima pazenera langa lija. Phiri la Kgale linasowa m'mvula, kenako linabweranso likunyezimira, ndipo fungo linalowa pazenera linali lija la masamba a tomato. Anzanga akuti pakatha sabata ziwiri phiri lonse lidzabiriwira, moti sindidzalizindikira. Ndinawauza kuti ine ndidzalizindikira, lidzakhala monga linalili, ndipo tinaseka tonse. Aka n'koyamba kuseka nkhani imeneyi pagulu.

Pa foni yanga ndalemba mzere wina, wa maina awiri okha, Perpetua ndi Mwaiwathu. Ndayeza bwino, akukwana pa mzere umodzi popanda wina kugwera kunja. Pamalo pa manambala a mitundu ndasiya popanda kanthu. Mudzasankhe nokha mukafika, titakhala pansi pa phiri lija, mutandiuza kaye mmene likuonekera.

Basi ya pa 12 Disembala ndiyo yabwino. Mukhale mbali ya kumanzere, dzuwa silivutitsa.

Ine mwamuna wanu, amene kuno akumutcha Rra Phala,
Frackson